Polemba mbiri ya mizinga tisaiwale amtengatenga

Olemba mbiri ya nkhondo amatamanda mzinga wa 75mm umene Afalansa anapanga mu 1897. Ukawomba, mpope wokha ndiwo unkabwerera m'mbuyo, mawilo ali chiimire, choncho asilikali sankataya nthawi kuulozanso. Luso linalipo, sindikukana. Koma mizinga ya nthawiyo ankaipanga poganiza kuti aziikoka ndi akavalo.

Kum'mawa kwa Africa akavalo ankafa ndi kashembe. Angerezi atawononga sitima ya Königsberg mumtsinje wa Rufiji mu 1915, Ajeremani anavuula mizinga yake 10, ina naiika pa mawilo. Anaikoka ndani? Anthu akuda, ndi zingwe.

Pankhondo yomweyo Angerezi anagwira agogo athu kukakhala amtengatenga, ambiri osabwerako. Ine ndikuti ulemu uyambire kwa iwowa, zitsulozo pambuyo.