Ka tiki-tiki ka mu basi si nyimbo

Lolemba m'mawa ndinakwera basi ya ku Chawama kupita mu town. Tikalibe kufika pa Kafue Roundabout, injini inazima. Ba driver atapotoza kiyi, pansi pa dashboard panayamba kulira ka “tiki-tiki-tiki” kosalekeza. Ba conductor sanataye nthawi. Anacotsa kawaya m'thumba, nazula relay, nalowetsa kawayako pamalo pake, basi n'kulira. Amai ena kumbuyo anati, “Mwana uyu ni wocenjera.” Naine ndinakondwera, kaili ndinali nditacedwa ku nchito.

Madzulo ndinafotokozera bamudala ena okonza zamalaiti a motoka. Iwo sanaseke.

Anati mabasi ena akasintha injini amaikamo kabokosi ka kompyuta kogula padera, koyendetsa mafuta ndi moto wa mapulagi. Kabokosi aka ndiye kamauza relay kuti iyatse pampu ya petulo. Relay ni switch cabe imene imagwira ndi mphamvu ya batire. Mphamvu ikacepa imataya, ikabwerako imagwiranso, kangapo pa sekondi imodzi. Ndiye phokoso lija.

Nthawi zambiri relay ilibe mlandu. Batire yabwino imaonetsa 12.6 volts motoka ili cete, ndipo poliza siyenera kutsika kwambiri pansi pa 10. Ikatsika, onani batire ndi materminal ake. Ngati batire ili bwino, yang'anani waya wa earth: angakhale womasuka, wadzimbiri, kapena anaumanga pa penti. Cina ni mawaya amene anangowapota ndi manja n'kukulunga tepi pomanga kabokosi. Zonsezi munthu wa multimeter amazipeza osamala na tsiku.

Manje vuto ya kawaya ka ba conductor ni iyi. Kompyuta imazimitsa pampu injini ikaima. Mukadumpha relay, pampu imangopopa. Tiyerekeze kuti basi yagunda, paipi ya mafuta yang'ambika: petulo ipitiriza kuthira pa injini yotentha. Mu Hiace injini ili pansi pa mpando wa kutsogolo, ndipo ise a kumbuyo tili ndi citseko cimodzi cabe cotulukira.

Ndidziwa kuti ba driver ali na cashing yofunika kupereka madzulo, ndipo basi ikaima tsiku limodzi kunyumba kulibe ndiwo. N'cifukwa cake mau anga apita kwa eni mabasi. Batire, waya wa earth ndi malipiro a wokonza sizingafike pa mtengo wa basi yopsa, osanenapo za anthu ali mkati. Musasiyire anyamata anu kawaya m'thumba ngati ndiye garaji.

Naise okwera tili na mbali yathu. Timakuwa ngati cenji yacedwa, koma pa nkhani ya moyo wathu timakhala zii. Mukamva ka tiki-tiki, mwaona kawaya katuluka, funsani mwaulemu: “Ba driver, mwaionetsa kwa wokonza iyi?” Ngati ayankha mwamwano, selukani. Ine Lolemba sindinaseluke, ndipo mpaka lero cikali kundivuta mumtima.