Makoko a mazira anandichotsa manyazi

Aphunzitsi anzanga, lero ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Kwa zaka zingapo ndinkaphunzitsa mutu wa rates of reaction ndi pakamwa pokha. Ndinkalemba pa bolodi kuti surface area ikachuluka reaction imafulumira, ana n'kukopera, ine n'kumati ntchito yagwirika. Podzikhululukira sindinkasowa: labu tilibe, marble chips tilibe, asidi anatha kalekale.

Tsiku lina ndikuchonga mayeso a Fomu 4 ndinapeza kuti mtsikana wina wanzeru zedi walemba kuti ufa uli ndi surface area yochepa. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, kanthu kakang'ono kangakhale bwanji ndi malo aakulu?" Mwanayo ankaganiza bwino ndithu. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinamupatsa chiganizo choloweza m'malo momuonetsa.

Masiku ano ndimayamba ndi mbatata ndi mpeni. Timasema kachidutswa kofanana mbali zonse, masentimita 2 uku ndi uku. Nkhope zake ndi 6, iliyonse 4 cm², zonse pamodzi 24 cm². Kenako timakadula n'kupeza tizidutswa 8 ta sentimita imodzi. Kalikonse kali ndi 6 cm², ndiye tonse pamodzi 48 cm². Mbatata ndi yomweyo, koma zomwe zinabisika mkati tsopano zili poyera. Asidi amagwira pomwe wakhudza basi, choncho malo okhudza akachuluka, kugundana kwa ma particles kumachulukanso pa sekondi iliyonse.

Tikatero timayesa ndi vinega. Apa ndikuchenjezeni. Ulendo woyamba ndinaponyamo choko cha m'kalasi, ana 70 maso ali tong'o, koma panalibe thovu ngakhale limodzi. Manyazi ake! Choko chambiri cha masiku ano ndi calcium sulphate, osati calcium carbonate. Makoko a mazira ndiwo sakhumudwitsa. Tengani mabotolo awiri, muthiremo vinega wofanana. Makoko akhale olemera mofanana, ena osiyidwa zibenthu, ena osinjidwa. Mangani baluni pakamwa pa botolo lililonse kuti igwire carbon dioxide. Ya makoko osinja ndiyo imayamba kufufuma.

Musalekere pomwepo. Afunseni kuti, mawa m'mawa makoko onse atatha, baluni yaikulu idzakhala iti? Ambiri amati ya osinja. Ayi. Ngati vinega anali wokwanira ndipo mpweya sunathawe, ziwirizo zimafanana. Kusinja kumasintha liwiro, osati kuchuluka kwa mpweya. Mwana amene waona izi savutika akakumana ndi ma graph awiri okathera pa mzere umodzi.

Chinanso, tileke kupereka chitsanzo cha shuga wosungunuka mu tiyi. Kusungunuka si chemical reaction, ndipo tikungosokoneza ana. Chitsanzo chabwino chili kukhitchini kwawo: nkhuni zowaza zimayaka msanga kuposa chipika. Ndimawauzanso kuti nkhaniyi si yamasewera. Mu 1878 fumbi la ufa wa tirigu linaphulitsa chigayo chachikulu ku Minneapolis, anthu 18 n'kufa. Mu 2008 fumbi la shuga linaphulika pa fakitale ya Imperial Sugar ku Georgia, ku America komweko, n'kupha anthu 14.

Ndikudziwa ena munena kuti silabasi ndi yaitali ndipo MANEB sidikira munthu. Zoona. Koma zonsezi zimatha mu double period imodzi, pomwe ine ndinkataya nthawi yoposa apo kubwereza zomwe ana analoweza osamvetsa. Labu tipitirize kuipempha, ndi ufulu wa ana athu. Koma poidikira, mazira akudyedwa tsiku lililonse pa trading centre, makoko ake n'kumatayidwa kudzala.

Kwa inu amene munadutsa m'manja mwanga nthawi ya pakamwa pokha ija, pepani. Pezani vinega, muyese kunyumba pamodzi ndi ana anu.