Alangizi a masukulu a uinjiniya: mlimi nayenso apatsidwe mpando

Makolo ambili m'midzi mwathu amagulitsa cimanga, nshawa, ngakhale ng'ombe kuti mwana akaphunzile uinjiniya pa UNZA ku Lusaka kapena pa Copperbelt University ku Kitwe. Digili ya uinjiniya pa UNZA imatenga zaka 5, ndipo ana ambili amatsiliza ali ndi nkhongole ya boma imene afunika kubweza akayamba nchito. Popeza ndalama zimene timataya n'zambili conco, tili ndi ufulu wofunsa kuti: kodi ndani amasankha zimene ana athu aphunzila pa zaka zonsezi?

Amene ali ndi mau otsiliza pa silabasi ndi aphunzitsi ndi akuluakulu a yunivesiti. Koma m'maiko ambili, cigawo ciliconse ca uinjiniya cimakhala ndi komiti ya alangizi ocokela kunja kwa sukulu, imene pa Cingelezi amati industry advisory board. M'komiti imeneyi mumakhala mainjiniya ogwila nchito m'makampani, olemba anthu nchito, ndi ena amene anaphunzila pa sukulu lomwelo kale. Amakumana kamodzi kapena kawili pa caka. Amaona silabasi, amakamba zimene ana otsiliza maphunzilo amakwanitsa ndi zimene zimawakanga, amathandiza kupeza malo oyeselelako nchito pa chuti, ndipo nthawi zina amapeleka makina akuti ana aziphunzililapo.

Ku America, bungwe la ABET limene limavomeleza maphunzilo a uinjiniya limafuna kuti sukulu lizifunsa anthu amene maphunzilo ake amawakhudza, ndipo masukulu ambili amacita zimenezi kupyolela m'makomiti otele. Kuno kwathu tili ndi Higher Education Authority yovomeleza maphunzilo, ndi Engineering Institution of Zambia yolembetsa mainjiniya. Mabungwe awiliwa ali ndi nchito yaikulu yoyang'anila muyezo. Koma kuuza mphunzitsi kuti makina amene akuphunzitsa anasiya kale kugwilitsilidwa nchito, kapena kuti ana ake amadziwa masamu koma sadziwa kulemba lipoti, ndi nchito ya munthu amene amakhala nawo anawo pa nchito tsiku ndi tsiku. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye abwela ndi kalumo kakuthwa.

Tisaiwale kuti nchito ya injiniya ikalakwika, amene amavutika ndi ife anthu wamba. Pa 18 February 2025, damu losungilamo zotsala za mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inaonongeka, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeledwa madzi. Nkhani ngati imeneyi ifunika kulowa m'kalasi mwamsanga, kuti mwana aliyense wophunzila zomangamanga adziwe mmene madamu otele amamangidwila, mmene amayendeledwa, ndi cimene cimacitika akanyalanyazidwa. Komiti ya alangizi ndiyo njila yacidule yofikitsila phunzilo lotele kwa aphunzitsi.

Koma ubwino wa komiti umadalila amene akhalamo. M'dziko ngati lathu, amene ali ndi ndalama, galimoto ndi nthawi yopita ku misonkhano ya ku yunivesiti ndi a migodi, a magetsi, a mafoni ndi makampani akuluakulu omanga miseu. Onsewa ndi ofunika. Vuto n'lakuti akakhala okha, silabasi imapendekela ku zofuna zao. Mbili yathu imaticenjeza pa mfundo imeneyi. M'masiku a ZCCM, kampaniyo inali kulipilila ana ambili maphunzilo ndi kuwalemba nchito akatsiliza. Migodi itagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000, njila imeneyo inacepa kwambili, ndipo mu 2002 kampani ya Anglo American inacoka ku Konkola. Mwana amene waphunzitsidwila kampani imodzi cabe amasowa kolowela kampaniyo ikatseka zitseko.

Pamene zili conco, mlimi ali ndi mavuto amene afuna injiniya. Mu February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco tinakolola cimanga pafupifupi matani 1.5 miliyoni, kutsika kucoka pa matani oposa 3.2 miliyoni mu 2023. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo zigayo zambili zinaima. Ulimi wothilila, mapampu a sola, madamu ang'onoang'ono, makina otongolela cimanga ndi nkhokwe zosalowa anankafumbwe, zonsezi ndi nchito za uinjiniya. Ngakhale pampu ya India Mark II imene ili pa zitsime zambili m'midzi ili ndi vuto lodziwika: kumene madzi ali ndi asidi, mapaipi ake a citsulo amadyeka ndi dzimbili, madzi amafiila, ndipo pampu imafa msanga. Mkulu wa mgodi sangabweletse nkhani imeneyi pa msonkhano, cifukwa samwa madzi amenewo.

Tikudziwa kuti injiniya ndi mlimi akamvana, zinthu zimayenda. Khasu la ng'ombe long'amba nthaka lochedwa Magoye ripper linakonzedwa kuno ku Zambia poganizila mlimi wamng'ono, ndipo lafika m'maiko ena a mu Africa. Pa UNZA pali cigawo ca uinjiniya wa zaulimi, ndiponso pali TDAU imene imakonza makina osavuta oyenela anthu wamba. Maziko alipo kale. Cotsala ndi kupatsa mau amene amagwilitsila nchito zinthuzo.

Conco ife tikuti komiti iliyonse yolangiza cigawo ca uinjiniya ikhale ndi mipando ya anthu oimila alimi, kaya ocokela ku Zambia National Farmers' Union kapena ku makopaletivu a m'maboma. Mukhalenso injiniya wa khonsolo ya kumudzi, cifukwa kuyambila mu 2022 pamene ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, milatho, makalasi ndi zipatala zing'onozing'ono zambili zimamangidwa m'manja mwa makhonsolo. Owochelela zitsulo, okonza zigayo ndi oyang'anila zipatala za mishoni naonso amadziwa makina amene amafa kawilikawili ndi cifukwa cake. Popeza anthu otele alibe ndalama ngati makampani, yunivesiti iziwalipilila ulendo.

Tinenenso mosabisa kuti komiti imeneyi ndi yolangiza cabe. Kampani imene yapeleka makompyuta isaganize kuti yagula silabasi. Masamu ndi mfundo zoyambila za uinjiniya zisacotsedwe pofuna kuphunzitsa makina amene ali m'fashoni lelo, pakuti makina amasintha koma mfundozo ndizo zidzathandiza mwana pa moyo wake wonse wa nchito. Alangizi azisinthidwa pakapita zaka zingapo, ndipo maina ao ndi zimene agwilizana zizilengezedwa kuti ophunzila ndi makolo aziona ngati malangizo atsatilidwa.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Pa misonkhano ya kopaletivu, ya komiti ya citukuko ya m'wadi ndi ya ku parishi, tiyeni tilembe makina amene amativutitsa ndi nchito zimene tikusowa wotithandiza, ndipo titumize ku masukulu amenewa kupyolela mwa atsogoleli athu. Mwana wathu akabwela pa chuti, timufunse ngati anaphunzilapo za pampu ya pa citsime ca m'mudzi mwathu. Mayunivesiti a boma amayenda ndi misonkho yathu, ndipo n'koyenela kuti amve mau athu asanalembe silabasi ina.