Chichewa cha a Trywell pa Chitakale

Loweruka lapitali ndinapanikizana pa benchi ndi anyamata a kabaza komanso amayi ochokera kothyola tiyi m'kanyumba koonetsera mafilimu pa Chitakale, tikuonera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola kudzala. Chiwetel Ejiofor, yemwe anaitsogolera n'kuseweranso ngati bambo ake a William, a Trywell, atangotsegula pakamwa, nyumba yonse inafa nacho chiseko. Chichewa chake chimatsimphina, ndipo cha Maxwell Simba, Mkenya wosewera William, sichimuposa kwenikweni. Khutu limapumako akamalankhula Lily Banda, mwana wakwathu wosewera Annie, mchemwali wake wa William. Inenso ndinaseka, ndisaname. Koma itafika njala mufilimumo, banja likudya kamodzi patsiku, anthu akupondana polimbirana chimanga, galu wa William, Khamba, atafa, m'nyumbamo munati zii. Ejiofor ali m'munda wouma ndi khasu, maso ali psuu, akukalipira mwana wake yemwe akupempha njinga kuti aidule n'kupangira makina amphepo aja: pamenepo nkhope inachita zimene lilime linalephera, ndipo ine ndinamukhululukira. Agogo ena pambali panga, omwe poyamba ankang'ung'udza kuti anthuwa si Amalawi, anangogwira tsaya n'kunong'ona kuti njala ya 2002 imeneyo, mwana wanga, ife tinadya zitsa za nthochi.

Wolemba: Mwana wa pa Chitakale