"Sindine, ndi Munthu Wanga wa m'Sewero"

Mwezi uno tikambirane za masewera amene ambiri a ife sitinakule nao, koma acinyamata a m'makoleji ndi ana athu okhala ku maiko akutali amakumana nao. Ndi masewera osimba nthano pamodzi. Anthu anai kapena asanu amazungulira thebulo, aliyense ali ndi pepala, pensulo ndi madayisi. Mmodzi amatsogolera, monga agogo ankayambira kuti "Padangokhala", ife ndi kuvomera kuti "Tili tonse". Koma pano omvera sangovomera cabe. Aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanoyo, namulankhulira ndi kumusankhira zocita.

Masewera otere anayamba ku America mu 1974 ndi Dungeons & Dragons, ya Gary Gygax ndi Dave Arneson. Mu 1991 kampani ya White Wolf inatulutsa ena ochedwa Vampire: The Masquerade, opangidwa ndi Mark Rein-Hagen. M'menemo osewera amayerekeza kukhala mavampaya, ndiye kuti akufa oyenda usiku ndi kumwa magazi a anthu, monga Dracula wa m'buku la Bram Stoker la 1897. Izi ndi nthano zopeka za ku Ulaya. Tisazisokoneze ndi mphekesera za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu osalakwa kum'mwera kwa Malawi mu 2017.

Vampaya wa m'sewero limeneli amakhala ndi moyo mwa kunyenga, ndipo malamulo amampatsa zida zake. Ndi mphamvu yochedwa Dominate, amayang'ana wina m'maso ndi kumlamula, winayo ndi kumvera. Ndi ina yochedwa Presence, amakopa mitima. Akamwetsa wina magazi ace pa mausiku atatu osiyana, womwayo amamangika kwa iye ndi cikondi cokakamiza. Bvuto limabuka pamene wosewera mmodzi atembenuzira zida izi kwa anzace a pathebulo. Lero walamula munthu wa mnzace kuti apereke cuma cace conse. Mawa wanong'oneza wotsogolera kumbali, kupangana za kugulitsa gulu. Mtsikana amene anakonza munthu wace kwa milungu iwiri angokhala cete usiku wonse, cifukwa zosankha zace zonse zalandidwa. Akadandaula, yankho ndi limodzi: "Sindine, ndi munthu wanga wa m'sewero. Vampaya amatero."

Yankho limeneli tisalilandire. Anasankha munthuyo ndani? Akumuika mau m'kamwa ndani? Ife a m'maparishi tidziwa bwino sewero la Masautso a Ambuye la m'nyengo ya Lenti. Mnyamata wosewera Yudasi amayenera kusewera mwaluso, mpaka amai ena kugwetsa misozi. Koma akatenga ndalama zenizeni za copereka nanena kuti Yudasi amatero, palibe angamumvere. Kuipa kwa m'sewero kumakometsa sewero pokhapo onse atabvomerezana. Kukapweteka munthu weniweni, sikulinso kusewera.

Nanga gulu licite ciani? Coyamba, akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Nthano isanayambe, osewera akhale pansi tsiku limodzi popanda madayisi, agwirizane malire. Kodi mphamvu yolamula maganizo iloledwe pa munthu wa mnzako? Magulu ambiri amati iai, pokhapokha mwini wace atalola.

Caciwiri, ciwembu cikhale pabwalo. Anthu a m'nthano angabisirane zinthu, koma osewera eni ace adziwe zimene zikukonzedwa. Woperekedwa akadziwiratu nabvomera, amasewera mbali yace mokondwa, ndipo nthano imakoma koposa.

Cacitatu, wotsogolera asalange wolakwayo m'kati mwa nthano, monga kumuphera munthu wace mwadala. Kumeneko ndi kubwezera mobisa, ndipo kumangoonjezera nkhuni pamoto. Amuitane padera, amuuze mosazungulira kuti, "Mnzanga, Loweruka lapita mlongo wathu uja sanasankhe kanthu ngakhale kamodzi, ndipo akuganiza zoleka." Nthawi zambiri wocita zotere sakhala wankhanza. Amangofuna kuoneka wocenjera. Ampatse adani a m'nthano oti aziwacenjerera: mafumu a mavampaya, olemera a mumzinda, osaka mavampaya. Luso lace lipindulire gulu.

Cacinai, malamulo a seweroli agwiritsidwe nchito mokwanira. Vampaya aliyense ali ndi muyeso wa umunthu wocokera pa 10 kutsika mpaka 0. Akacita zankhanza muyeso ungatsike, ndipo ukafika pa 0 amasanduka cirombo, wosewera ndi kulandidwa munthu wace. Opanga seweroli anafuna kuti kunyenga kukhale ndi mtengo wace. Wokonda mphamvu koma wokana mtengo wawerenga theka la buku.

Akakana zonsezi, gulu lingamupemphe mwaulemu kuti apumule pa seweroli. Kucoka pathebulo si kutha kwa ubwenzi. Koma anthu anai asasiye cimene amakonda poopa kukhumudwitsa mmodzi.

Makolo anzathu, mwana wanu akakusimbirani za mkangano wotere, musafulumire kuseka kapena kumuletsa. Mufunseni m'mene anaukonzera, cifukwa mau a mnyamata uja timawamvanso m'nyumba zathu atabvala malaya ena: "Sindine, ndi mowa." "Ndinali kungoseka." "Ndi m'mene ndinabadwira." Mwana amene waphunzira pathebulo la masewera kuyankha mofatsa kuti "Iai, wasankha ndiwe," adzawafuna mau omwewo kunchito ndi m'banja lace.

Tikumanenso mwezi wamawa.