Sitika si umboni pogula laputopu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuyenda pa boma la Kasungu, ndipo alimi ena amagulira ana awo a kukoleji malaputopu a kaunjika. Apa m'pomwe masitika omata pa makinawa amapusitsa anthu.

Masitika ena ngokongoletsa chabe. Kambalame ka penguin kotchedwa Tux, komwe Larry Ewing adajambula mu 1996, ndi chizindikiro cha Linux, pomwe karoboti kobiriwira n'ka Android. Achinyamata amamata izi poonetsa zomwe amakonda, ndipo palibe cholakwika.

Vuto limabwera sitika ikayamba kukweza mtengo. Kapepala kolembedwa Intel Core i7 kapena Windows 11 kamamatuka mosavuta n'kukamatidwa pa makina akale. Sitika imathanso kubisa mng'alu kapena batani lowonongeka pa kiyibodi.

Wogula auze wogulitsa ayatse makinawo, alowe pa Settings, System, kenako About. Pamenepo pamaoneka dzina lenileni la purosesa ndi kukula kwa RAM. Akumbukirenso kuti Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho makina osatha kulandira Windows 11 sayenera kugulidwa modula.

Ogulitsa nawo azimatula zokongoletsa zonse asanatchule mtengo. Mlimi amadziwa kuti ku okushoni belo limatsegulidwa kaye, ndipo mtengo umatengera tsamba lomwe lili m'kati. Ndalama yopezeka movutikira chonchi isathere pa kapepala.