Mayina a asilikali athu afike m'makomboni

Chaka chilichonse mu Novembala, akuluakulu a boma ndi akazembe amasonkhana pa chipilala cha Cenotaph kufupi ndi Cabinet Office, pa Independence Avenue mu Lusaka. Lipenga limalira, anthu amakhala chete, nkhata za maluwa zimayalidwa, kenako magalimoto amabalalika. Ku Kanyama tsikulo limadutsa ngati Lamulungu wamba: madumu ali pamzere pa mpope, kondakitala akuitanira basi ya m'tauni. Mwambowo ndi woyenera ndipo upitirire. Vuto lake ndi lakuti umathera pa Independence Avenue, chonsecho anyamata ndi atsikana ambiri amene amathamangira kukalembetsa usilikali amachokera ku Chawama, George, Mtendere ndi makomboni ena. Ngati msilikali anafera dziko, dzina lake lilembedwe kumene anakulira, kumene kuli amayi ake ndi ana ake.

Dziko lathu linasunga mayina a malo amene asilikali anafera, koma anthuwo linawataya. Aliyense mu Lusaka amaudziwa msewu wa Burma Road ndi msasa wa Arakan. Ku Ndola kuli Tug Argan, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Chipata kuli Gondar. Onsewa ndi malo a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: Tug Argan ndi mpata wa m'mapiri a ku Somaliland kumene gulu la Northern Rhodesia Regiment linalimbana ndi Ataliyana mu 1940, Gondar ali ku Ethiopia, Arakan ndi Chindwin ali ku Burma. Koma funsani mwana wa sukulu ku Kalingalinga atchule msilikali mmodzi yekha amene anatsala kumeneko, angokuyang'anani. Ndi chimodzimodzi pa manda a ngwazi pa Independence Stadium, pafupi ndi Matero. Mwa anthu 30 amene anafa pa ngozi ya ndege ku Gabon mu Epulo 1993, osewera mpira 18 timawatchula pamtima, pamene asilikali 5 a Zambia Air Force amene ankayendetsa ndegeyo timangowawerengera m'gulu.

Ena amati nkhondo za 1914 ndi 1939 zinali za atsamunda, ndiye tizilirira chiyani? Nkhondozo zinalidi za eni ake, koma amene ankasenza katundu pamutu kupita kumalire a kumpoto anali agogo athu, amtengatenga, ambiri mwa iwo otengedwa mokakamiza, ndipo ena anafa ndi njala ndi matenda m'njira nkhondo isanathere ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, makamaka Aafirika, silinawakumbukire ndi mayina monga linachitira ndi azungu. Tikawaiwala chifukwa nkhondoyo sinali yathu, tikumaliza ntchito imene mtsamunda anayamba. Komanso mfundoyo sikhudza konse asilikali a Zambia amene anafa ku Kavalamanja, m'boma la Luangwa, pamene asilikali a Ian Smith anaukira mu Marichi 1978, kapena amene afera ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations ku Sierra Leone ndi ku Central African Republic. Amenewa anatumidwa ndi boma lathu lomwe.

Chotsutsa champhamvu ndi cha ndalama. Ku Kanyama mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba ndipo kolera sachedwa, ndiye munthu wonena za mwala wa chikumbutso amaoneka ngati alibe chochita. Ngalande zikhale patsogolo, palibe wokana. Koma kuyambira 2022, pamene thumba la chitukuko cha madera la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, mtengo wa mwala umodzi wolembedwa mayina pa khoma la sukulu kapena pa msika sungaimitse ngalande iliyonse. Ntchito yaikulu ndi yosonkhanitsa mayinawo, ndipo imeneyo ikufuna miyendo kuposa ndalama. Makhansala, mipingo ndi aphunzitsi angathe kuyenda khomo ndi khomo. M'nyumba zambiri muli chithunzi cha mnyamata wa yunifolomu chopachikidwa pamwamba pa kabati, mendulo yokulungidwa m'kansalu pansi pa sutikesi, ndi gogo amene akudziwabe nambala ya usilikali ya mwamuna wake. Likulu la asilikali lingathandize kutsimikizira mayinawo.

Mndandanda woterowo ungathandizenso amoyo. Mayi wamasiye wa msilikali amatuluka m'nyumba ya kumsasa n'kukachita lendi chipinda ku George, ndipo akamayendera mapepala a ndalama za mwamuna wake amayenda yekha, chifukwa kumeneko palibe akumudziwa. Dzina la mwamunayo likakhala m'buku la wadi, khansala ndi phungu sangathenso kunena kuti sanamve. Agogo amene anamva nkhani za ku Burma kuchokera kwa eni ake akutha chaka ndi chaka, choncho kalemberayu ayambe Novembala wa chaka chino asanafike.